Nguli, Nkhono ndi Kamvuluvulu: Mbiri ndi Ntchito ya Liwu Limodzi

Nkhani yokambidwa pamaso pa aphunzitsi a sayansi ndi a Chichewa



Nkhani yanga lero ndi ya liwu limodzi lokha. Ndi liwu la Chingerezi lobwerekedwa ku Chilatini, ndipo ena mwa inu munakumana nalo m'mabuku a zomera, ena m'mabuku a nkhono za m'madzi, ena m'mabuku ophunzitsira anamwino. Liwulo ndi turbinate. Mukalifufuza mu dikishonale mupeza matanthauzo awiri ooneka ngati sakumvana. Loyamba limati ndi chinthu chotakata kumwamba, chosongoka kumunsi. Lachiwiri limati ndi chinthu chopiringizika, chozungulira uku chikutalikirana ndi pakati pake. Mwana wochenjera amafunsa kuti, "Nanga kusongoka ndi kupiringizika zikukhala bwanji m'liwu limodzi?" Mphunzitsi, poona kuti belu latsala pang'ono kulira, amangoti, "N'chozungulira basi, lembani."

Liwu lakuti chozungulira talisenzetsa katundu wambiri. Tayala n'lozungulira, mpira ngozungulira, denga la nkhokwe n'lozungulira, chigoba cha nkhono n'chozungulira, namondwe nayenso ngozungulira. Koma zinthuzi n'zosiyana kutalitali, ndipo kusiyana kwake kumakhudza malonda a pamsika, matenda a m'madzi ndi magetsi a m'nyumba zathu. Ndikufuna tione pamodzi kuti liwu looneka lalikululi linabadwira pabwalo la masewera a ana, ndi kuti zonse zofunika polimasulira tili nazo kale pakhomo.

Kumene liwuli linachokera

Aroma akale, eni ake Chilatini, anali ndi liwu lakuti turbo. Tanthauzo lake silinali lapatali ayi: inali nguli, yomweyi imene anyamata amakwapula pabwalo m'chilimwe. Mlakatuli wawo wotchuka, Virgil, amene anamwalira m'chaka cha 19 Yesu asanabadwe, m'ndakatulo yake yaitali yotchedwa Aeneid anasimba za mfumukazi ina imene inabalalika mutu n'kumathamangathamanga mumzinda, ndipo anaifanizira ndi nguli imene anyamata akuikwapula. Ndiye kuti zaka zoposa 2,000 zapitazo ana a ku Italy ankasewera masewera omwewa. Liwu lomwelo ankatchuliranso kamvuluvulu, komanso madzi ozungulira a pamtsinje aja amene amakokera zinthu pansi.

Amene munasemapo nguli mukuidziwa ntchito yake. Mumasankha nthambi yolimba, kudulako kachidutswa kakafupi, n'kuyamba kusema mbali imodzi ndi mpeni uku mukukatembenuza pang'onopang'ono mpaka kasongoke. Mukasema mokondera, nguliyo imadzandira n'kugwa isanavine n'komwe. Ena amakhomera msomali kunsonga kuti isaperepeseke msanga. Kenako mumamangirira chingwe cha khonje kapena luzi ku kamtengo, kuchikulunga pathupi pa nguli mzere pamwamba pa mzere, kukoka mwamphamvu, ndipo ikangoima pansonga yake mumayamba kuikwapula.

Taonani tsono zimene zili m'chidole chimodzichi. Chikagona pansi, thupi lake n'lotakata uku, losongoka uku. Chingwe chimene mwachikulunga chikukwera mozungulira, ndipo mzere uliwonse ngotakata kuposa wa pansi pake. Chikadzuka chimavina mozungulira. Kamvuluvulu ali chimodzimodzi: pansi ngochepa, kumwamba ngotambasuka, ndipo fumbi ndi masamba zimakwera mopiringizika. Matanthauzo awiri aja a mu dikishonale sakutsutsana konse. Onse ali m'nguli, limodzi m'thupi lake, lina m'chingwe chake ndi m'kavinidwe kake.

Kuchokera ku turbo Aroma anapanga liwu lakuti turbinatus, kutanthauza chooneka ngati nguli. Mlembi wawo Pliny wamkulu, amene anamwalira m'chaka cha 79, analigwiritsa ntchito pofotokoza zipatso zonenepa mbali imodzi ndi zosongoka mbali inayo. Patapita zaka zambiri, mu 1758, Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakhazikitsa njira yotchulira zamoyo imene asayansi akutsata mpaka lero, anatcha gulu lina la nkhono za m'nyanja yamchere dzina lakuti Turbo. M'chaka chomwecho gulu lina analitcha Conus chifukwa cha kusongoka kwake, lina Helix chifukwa cha kupotana kwake. Munthu wophunzira kwambiriyu atafuna mayina, sanapeke mawu achilendo. Anatola chidole cha ana ndi mawu ena wamba a maonekedwe.

Maonekedwe asanu

Tisanapite patsogolo, tiyeni timasule mtolo wa "chozungulira" uja, tione zimene zili m'kati.

Choyamba ndi mkombero. Uwu umabwerera pamene unayambira: limu ya njinga, chibangili, mlomo wa lichero. Nyerere yoyenda pa mkombero imafikanso pamalo pomwe inanyamukira.

Chachiwiri ndi mmene amadzizingira bongololo mukamukhudza. Mutu uli pakati, thupi likuzungulira kunka kunja, lonse lili lathyathyathya, ndipo silibwerera poyambira. Mchira wa nanzikambe, koyilo ya udzudzu, mphasa yokulunga mukaisuzumira kumapeto, ndi nkhata ya chitenje imene mayi amazinga kuyambira pakati, zonsezi zili m'gulu limodzi.

Chachitatu ndi mazinga. Amakaniko amawadziwa pa bawuti ndi pa nati. Mazinga amazungulira uku akukwera, koma kutakata kwake sikusintha. Sipuling'i, chingwe chopota ndi nyemba zoyanga pa phesi la chimanga zili m'gulu ili.

Chachinayi ndi chosongoka chokhala pa tsinde lozungulira: denga la nkhokwe, mulu wa mchenga wouma, fanelo yothirira parafini, khomo la mono limene nsomba imalowera mosavuta koma osatulukanso. Apa palibe kupiringizika kulikonse.

Chachisanu chimabwera mukaphatikiza zitatu zomalizazi: kuzungulira, kukwera ndi kutakata nthawi imodzi. Ichi ndi chigoba cha nkhono ya kudimba, ndipo ndi chimene akatswiri a nkhono amatanthauza akati chigoba ndi turbinate.

Mwana akhoza kusiyanitsa zonsezi ndi mafunso atatu okha. Kodi chikubwerera poyambira? Kodi chikutakata? Kodi chikukwera?

Koyilo ndi nkhono si pachibale

M'gulu lachiwiri lija muli mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza kawirikawiri. Tengani koyilo ya udzudzu. Mpata wa pakati pa mzere ndi mzere ngofanana kuyambira pakati mpaka kunja. Mtundu uwu anaufotokoza ndi Archimedes wa ku Syracuse, amene anaphedwa m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, ndipo umatchedwa dzina lake. Ubwino wake ndi kusunga chinthu chachitali pamalo pochepa. Ku Japan, wamalonda wina dzina lake Eiichiro Ueyama ankapanga timitengo tofukiza topirikitsira udzudzu, koma tinkatha ola lisanakwane. Mkazi wake, Yuki, ndi amene anapereka nzeru mu 1895 yoti kamtengoko kakhale kakatali koma kozingidwa, ndipo koyilo yoyamba inafika pamsika mu 1902. Chifukwa cha kuzingako, imatha kufuka gawo lalikulu la usiku.

Kuti muone mtundu winawo, tengani chigoba cha nkhono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chigoba chake chimafunanso kudekha komweko. Yang'anani kunsonga: mizere yake ndi yothinana. Tsikani pang'ono: mpata ukukula. Fikani kukamwa: mzere womaliza wokha ukuposa ina yonse. Mzere uliwonse umakula pochulukitsa wam'mbuyo mwake ndi mlingo womwewo, osati pongowonjezerapo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nkhono singavule chigoba monga njoka ivulira khungu, ndipo chigobacho, pokhala cholimba ngati mwala wa laimu, sichitamuka. Njira imene nkhono ili nayo ndi kumawonjezera pamlomo pokha. Ikamakula, mlomo umene ikumanga lero ngotakata pang'ono kuposa wa dzulo, ndipo mbali yakunja imamangidwa msanga kuposa yam'kati, choncho chigoba chimapindika. Zotsatira zake n'zakuti nyumba imakula koma maonekedwe ake sasintha. Kansonga kamene mumaona pamwamba paja ndi kachigoba kamene nkhonoyo inaswedwa nako.

René Descartes wa ku France analemba za mtundu uwu mu 1638. Jacob Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Basel m'dziko la Switzerland, anaukonda kwambiri mpaka anapempha kuti adzaujambule pamwala wa pamanda pake. Atamwalira mu 1705, mmisiri wosema miyala anagwira ntchito yake, koma anajambula wa mipata yofanana uja, wa koyilo, m'malo mwa wa nkhono. Mwalawo ulipo mpaka lero ku tchalitchi chachikulu cha Basel. Kwa mmisiriyo zonse zinali zozungulira basi.

Mulu wa pamwamba pa ndowa

Chosongoka nachonso chili ndi lamulo lake, ndipo lamuloli limakhudza m'thumba. Agiriki akale, Democritus ndi Eudoxus, anazindikira kuti chosongoka chimalowa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zingalowe mu mgolo wofanana nacho kukamwa ndi msinkhu. Mukhoza kuwaonetsa ana mawa lomwe. Tengani chitini chopanda kanthu, pindani pepala lolimba likhale ngati fanelo yotseka kunsonga, kukamwa ndi kutalika kwake zifanane ndi za chitinicho. Dzazani pepalalo ndi mchenga, khuthulirani m'chitini. Mukathira kachitatu chitini chidzadza.

Pitani nalo lamuloli kumsika wa chimanga. Mbewu youma mukaithira imaunjikana mosongoka mpaka pamlingo wina, ikapyola apo imagumukira m'mbali. Tiyerekeze ndowa ya malita 20 imene kukamwa kwake n'kotambasuka masentimita 30. Mulu umene ungakhazikike pamwamba pake ungafike masentimita 9 kapena pafupi ndi apo. Mukawerengetsa, muluwo wokha ndi malita awiri ndi pang'ono, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a ndowa. Venda amene amagula kumudzi ndi ndowa ya mulu n'kukagulitsa m'tauni ndi ndowa yosalaza amapindula ndowa yathunthu pa ndowa khumi zilizonse asanakwezeko mtengo ndi tambala imodzi yomwe. Ndowa ikakhala yotambasuka kukamwa, mulu umakulanso kwambiri. Mwana wa mlimi amene waphunzira izi m'kalasi ali ndi chonena tsiku logulitsa.

Mmene liwuli limagwirira ntchito lero

Tibwerere ku turbinate. Liwuli lafalikira m'maphunziro osiyanasiyana, ndipo gulu lililonse linatolapo mbali yake. Apa m'pamene ophunzira amapunthwa.

Katswiri wa zomera akalitchula, amanena za kusongoka kokha. Chipatso kapena tsinde la duwa n'lotakata kumwamba, lochepa kumene lalumikizana ndi nthambi, monga tizipatso touma ta mitundu ina ya bulugamu. Musafunefunepo kupiringizika, palibe.

Dokotala akalitchula, amanena za mphuno. M'kati mwa mphuno iliyonse muli timafupa titatu topyapyala, topindikira m'kati, tokutidwa ndi mnofu wonyowa wokhala ndi mitsempha yambiri ya magazi. Mpweya umene tikupuma umadutsa pakati pa timafupati, ndipo umatenthedwa, kunyowetsedwa ndi kuchotsedwa fumbi usanafike m'mapapo. Chimfine chikatigwira mnofuwu umatupa, n'chifukwa chake mphuno imatseka ngakhale mutamina chotani. Ngakhale munthu ali bwino, mbali ziwirizi zimatupa mosinthana pakapita maola angapo, zimene dokotala wa ku Germany, Richard Kayser, anafotokoza mu 1895. Tsekani mphuno imodzi ndi chala, pumani, kenako tsekani inayo: ambiri a inu muona kuti imodzi ikudutsa mpweya wambiri kuposa inzake. Timafupati si tosongoka ayi. Apa liwu lija latola kupindika kokha. Dzina lina la timafupa tomweti ndi conchae, limene m'Chilatini ndi zigoba. M'kati mwa khutu namonso muli kachiwalo kotchedwa cochlea, kuchokera ku liwu la Chigiriki la nkhono. Kamazinga kawiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo mawu oonda timawamvera kutsinde kwake, a besi kunsonga.

Injiniya sanatenge kusongoka kapena kupindika, anatenga kuvina kwa nguli. Mu 1822 Claude Burdin wa ku France anatcha makina ozunguzidwa ndi madzi dzina lakuti turbine, ndipo wophunzira wake, Benoît Fourneyron, anapanga makina otere ogwiradi ntchito mu 1827. Magetsi athu ambiri amachokera ku makina a mtundu uwu pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, kumene anayamba kugwira ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mtundu wofala kwambiri m'madamu a padziko lonse, umene unatenga dzina la James Francis, umalandira madzi kudzera m'chipaipi chozingidwa ndendende ngati chigoba cha nkhono. Chipaipicho chimayamba chotakata n'kumachepa pamene chikuzungulira, kuti madzi amene akutsala azikankha gudumu mofanana mbali zonse. Kufunika kwa makinawa tinakumva mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ndipo dalaivala wa lole akamadandaula kuti "turbo yafa", akunena kagudumu kamene kamazunguzidwa ndi utsi wa injini m'kachitsulo kooneka ngati nkhono. Mosadziwa, akutchula liwu limene ana a ku Roma ankatchulira chidole chawo.

Choncho wophunzira akakumana ndi liwuli, ayambe wafunsa kuti akulankhula ndani.

Kumanja kapena kumanzere

Pali funso lachinayi lofunika kuwonjezera pa atatu aja: chikuzungulirira mbali iti? Chinthu cha mazinga chili ndi dzanja lake, ndipo ngakhale muchitembenuze chadodolido, dzanjalo silisintha.

Okonza njinga amazidziwa bwino izi. Mabawuti ambiri amamanga mukapotokolera kumanja, mmene umayendera muvi wa wotchi. Koma pedulo ya kumanzere ili ndi mazinga otsutsana, kuti isamamasuke yokha munthu akamapalasa. Mnyamata wongoyamba kumene ntchito amalimbana nayo ndi sipanala mpaka thukuta kamukamu, kumaimangitsa pamene iye akuti akumasula.

Nkhono nazo zili ndi dzanja. Gwirani chigoba nsonga ili kumwamba, kamwa likuyang'ana kwa inu. Pa mitundu yambiri ya nkhono, kamwa limakhala kudzanja lanu lamanja. Koma pali tinkhono ta m'madzi totchedwa Bulinus, tating'ono ngati chikhadabo, timene kamwa lake limakhala kumanzere. Tinkhono timeneti ndi timene timasunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo, lija lokodzetsa magazi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilomboto amaswa, tiana take timalowa m'nkhono, timachulukana mmenemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena woweza m'madzimo. Popanda nkhono, ulendo wa matendawa umadukira panjira. Tizilomboti anatizindikira ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Likodzo la m'matumbo limadutsira m'nkhono ina, Biomphalaria, imene chigoba chake n'chathyathyathya, chozingidwa monga bongololo uja. Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, ofufuza anapeza kuti mtundu wina wa Bulinus wopezeka m'nyanja ya Malawi mokha umafalitsanso matendawa, ndipo ena mwa iwo amaganiza kuti unachuluka chifukwa nsomba zimene zimadya nkhono zinachepa ndi usodzi.

Chenjezo lilipo. Si nkhono iliyonse ya kamwa la kumanzere imene ili ndi likodzo. M'nyanja yathu ndi m'madambo muli nkhono zikuluzikulu zotchedwa Lanistes, nazonso kamwa lili kumanzere, koma sizifalitsa likodzo la anthu. Ndiponso madzi akhoza kukhala ndi tizilombo ngakhale simunaonemo nkhono, choncho mankhwala a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu ngofunika kumwa ndithu. Komabe ganizirani mlangizi wa zaumoyo amene akufuna kuuza mudzi za damu lina. Akati, "Samalani ndi nkhono zozungulira," sananene kanthu. Akati, "Tinkhono tating'ono, tosongoka pang'ono, kamwa kumanzere," kapena, "tathyathyathya, tozingidwa ngati bongololo," anthu adziwa chimene akuyang'ana.

Namondwe nayenso ali ndi dzanja. Mpweya umathamangira pakati pake kuchokera mbali zonse, koma chifukwa dziko likuzungulira, njira ya mpweyawo imakhota. Kumwera kwa ikweta, kumene tili ife, namondwe amazungulira motsata muvi wa wotchi, kumpoto amazungulira motsutsana nawo. Kamvuluvulu wa pabwalo ngochepa kwambiri moti lamuloli silimugwira, amazungulirira mbali iliyonse. Liwu la Chingerezi la namondwe wotere, cyclone, analipanga ndi Henry Piddington ku Calcutta m'zaka za m'ma 1840, poganizira mmene njoka imadzizingira. Tonse tinaona zithunzi za namondwe wa Freddy pa lamya zathu. Anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anakhala masiku 36, ndipo atalowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi anagwetsa mvula imene inagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi madera ena. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Mitambo ya namondwe imabwera m'mizere yopiringizika, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pamakhala mpata. Mvula ikhoza kuleka kwa kanthawi pamene mzere wina uli m'njira. Munthu amene wamvetsa maonekedwewa sathamangira kubwerera kunyumba ya m'mphepete mwa mtsinje chifukwa chakuti kwacha pang'ono.

Makolo athu ankaziona

Tisaganize kuti chidwi ndi maonekedwe awa chinabwera ndi sukulu. Nkhono zija Linnaeus anazitcha Conus zimapezeka m'nyanja ya India. Amisiri ankadula tsinde lotakata la chigoba chake n'kulisalaza, ndipo chotsalacho chinali kambale koyera kokhala ndi mzere wopiringizika kuchokera pakati. Iyi ndi mphande, imene ku Zambia amati mpande ndipo Mashona a ku Zimbabwe amati ndoro. Inkayenda maulendo ataliatali ndi amalonda kuchokera kugombe mpaka pakati pa Africa, ndipo inkavalidwa ndi mafumu ndi anthu olemekezeka. Mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda, cha kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, inapatsa David Livingstone mphande ngati mphatso yapamwamba. Livingstone analemba kuti mphande zisanu zinali mtengo wabwino wa nyanga ya njovu, ndipo ziwiri zinkagula munthu m'masiku oipa a ukapolo aja. Mmisiri amene ankadula chigobacho ankadziwa ndi manja ake chimene ife tikuvutika kufotokoza pabolodi: kuti mukadula chosongoka cha nkhono mopingasa, m'kati mupezamo chopiringizika.

Pempho langa kwa aphunzitsi

Ndili ndi zopempha zitatu.

Choyamba, liwu lakuti chozungulira lisamayende lokha m'kalasi. Mwana akalinena, mufunseni mafunso anayi aja mpaka atchule chimene akuona.

Chachiwiri, tigwirizane mayina a Chichewa a maonekedwewa, otengedwa ku zinthu zimene mwana wazigwirapo: cha mkombero, cha bongololo, cha mazinga, cha nguli, cha nkhono. Wina anena kuti mayina otere ngosakhazikika, popeza nkhono zilipo zamitundumitundu ndipo nguli sizisemedwa mofanana. N'zoona. Koma turbo nalonso linali losakhazikika chimodzimodzi, ndipo taona kuti mpaka lero dokotala, injiniya ndi katswiri wa zomera amalikokera kosiyana. Liwu la sayansi limalimba chifukwa anthu agwirizana malire ake n'kumaligwiritsa ntchito mofanana chaka ndi chaka. Ntchito imeneyi aphunzitsi a Chichewa sangaithe okha, a sayansi nawonso sangaithe okha. Ikufunika kukhalirana pansi, kulemba zimene tamvana, ndi kuziyesa pa ana a Sitandade 5 ndi a Fomu 2 kuti tione ngati zikumveka.

Chachitatu, tisataye mawu a Chingerezi. Mayeso amabwera m'Chingerezi, ndipo namwino wa mawa ayenera kuwerenga buku lake popanda womasulira. Koma tsatanetsatane wake akhale uyu: mwana ayambe wagwira chinthucho, achitchule m'chinenero chake, kenako alandire liwu la m'buku. Zipangizo zake sizifuna ndalama ya boma: nguli imodzi, zigoba zouma za nkhono za kudimba, bawuti yakale ya kwa wokonza njinga, koyilo, chitini ndi mchenga. Zigoba za m'madzi okayikitsa zokha ndi zimene ana asatumidwe kukatola.

Wapampando, ndalankhula mokwanira. Ndikudziwa kuti muno muli ochokera ku Nsanje, ku Mchinji, ku Nkhotakota ndi kutsidya kwa malire, ndipo n'kutheka kuti kwanu zinthu zimene ndatchulazi muli nazo mayina ena abwino koposa. Nthawi ya mafunso ino tiyambire pamenepo, ndipo mlembi alembe lililonse limene litchulidwe.